Pamene Chipale Chinakana Kugona

1. Ponda Poyera

Kilmarra ndi katauni kopanikizika pakati pa mapiri awiri m'chigawo cha Pennsylvania ku America. La kumpoto timalitchula kuti Phiri Lalitali. La kummwera ndi Phiri Lakuda, ndipo theka lake si lolengedwa ndi Mulungu ayi, ndi mulu wa miyala imene makolo athu anatulutsa pansi. Msewu waukulu ndi umodzi wokha. Umayambira pa tchalitchi pamtunda n'kutsetsereka mpaka kukamtsinje ka madzi ofiirira kamene ngakhale chule sakhalamo. Timisewu tina tonse tinapatsidwa mayina a mitengo.

Agogo athu anabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Ireland, ku Poland ndi ku Slovakia atamva kuti kuno kuli malasha. Anakumba pansi pa phiri. Malasha atatha kumeneko anakumba pansi pa sukulu, pansi pa masitolo, mpaka pansi pa manda awo omwe. Munthu ankatha kulowa pansi kumtsinje n'kukatulukira kuseri kwa tchalitchi osaliona dzuwa.

Kenako migodi inatsekedwa. Chaka china anthu anayatsa zinyalala m'dzenje lakale kuseri kwa Phiri Lakuda monga ankachitira chaka ndi chaka. Za amene anayatsa musandifunse, nkhani imeneyo inadanitsa anthu pachibale. Motowo unapeza mng'alu, unatsikira m'migodi muja, ndipo mpaka lero sunazime. Ife timagona pamwamba pake.

Motowu suoneka. Chimene chimatiuza pamene wafika ndi chipale chofewa chimene chimagwa nyengo yozizira. Chikagwa, tauni yonse imayera kuti mbee, koma pamene moto wadutsa pansi chipale sichigona. Pamatsala dothi lakuda, lonyowa, lofunda ngati mimba ya galu. N'chifukwa chake mwana wa ku Kilmarra, asanaphunzire ndi pemphero lomwe, amayamba waphunzira mawu awiri: ponda poyera.

Malo akuda otere akapezeka pafupi ndi nyumba, a boma ankabwera ndi penti wofiira n'kulemba chizindikiro pachitseko. Banjalo ankalisamutsira kutsidya kwa Phiri Lalitali, nyumba n'kuigumula. Ankangosiya masitepe a simenti okha. Ukayenda mumsewu wa Cherry, mmene ine ndinabadwira, umaona masitepe mbali zonse ziwiri, okwera bwinobwino koma osafika pakhomo la munthu. Ine mpaka pano ndikadutsa pa athu thupi limachita tsemwe, ndipo nthawi zina ndimangozindikira ndapereka moni.

Alendo amabwera ndi makamera awo kudzajambula nthunzi. Ena amafika pophika mazira pa ming'alu n'kumaseka chikhakhali. Zamanyazi! Pamene akuphikirapo dziralo panali chipinda chogona cha mayi wa munthu.

Nthawi imene ndikukambayi ine, Mayi Tierney, ndinkakhala pafupi ndi tchalitchi, ndipo ndinkasesamo Loweruka lililonse. Kumunsi, mumsewu wa Walnut, kunali kutatsala nyumba imodzi yokha, ya a Emil Hudak. Bambowa anagwira ntchito mumgodi mpaka fumbi linawadya chifuwa. Akazi awo ankasoka malaya kufakitale kutsidya kwa phiri. Anali ndi ana awiri: Renata wa zaka khumi ndi zinayi, ndi mlongo wake Kazik wa zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhani ino ndi ya Renata, ndipo zambiri anandiuza ndi pakamwa pake.

2. Basi ya Mayi Coyle

Basi ya sukulu ankayendetsa ndi Mayi Bernadette Coyle, mayi wojintcha amene akalankhula kumunsi ife kutchalitchi tinkamva. Basiyo inali yaikulu koma ana okwera anali atatsala owerengeka. Komabe Mayi Coyle ankachepetsa liwiro pa mphambano iliyonse pamene kale pankakwera ana. Ankayang'ana masitepe opanda nyumba aja, n'kudikira pang'ono, kenako n'kupitirira. Palibe mwana amene ankaseka.

Lachisanu lina m'mawa, basi itafika mumsewu wa Walnut, Renata anali ataima akuwerenga buku. Kazik anali atakhala pansi kutsidya kwa msewu, pakadothi kakuda, atavula ndi magolovesi omwe.

“Pano m'pofunda, Mayi Coyle!” anakuwa mwanayo mokondwa. “Bwerani mudzagwire!”

Mayi Coyle anatsika, anamunyamula Kazik ndi dzanja limodzi n'kukamukhazika m'basi. Kenako anazimitsa injini. Ana onse anadziwa kuti zavuta.

“Iwe Renata, maso akowo ndi okongoletsera nkhope? Mlongo wako anakhala pati apo?”

“Ndinangoyang'ana kumbali pang'ono, Mayi Coyle.”

“Pang'ono! Tamumvani. Khala apo. Nanunso kumbuyoko tsekani pakamwa, nkhaniyi ndi yanu nonse.”

Anatembenuka pampando wawo, nakoka mpweya.

“Inu mumaopa nthunzi, mumaopa fungo lija la mazira owola. Zimenezo n'zabwino, chifukwa zimakuchenjeza. Mdani weniweni alibe fungo, alibe mtundu. Ndi mpweya wochokera kumoto kuja. Umalowa m'ming'alu ya chipinda cha pansi osagogoda. Umayamba ndi kamutu kuwawa. Kenako miyendo kulemera. Kenako tulo, tulo tokoma kuposa tonse timene munagonapo, toti wina akakudzutsa umamutukwana.

“Mukuwakumbukira a Dombek a mumsewu wa Cherry? Akuluakulunu mukuwakumbukira. Mayi Dombek anandiuza akuseka kuti, ‘Bernadette, chaka chino mbaula ikupuma, nyumba ikudzifunditsa yokha.’ Kuseri kwawo kunali kwakuda, iwo ankadziwa, koma anati tidikire chilimwe. Tsiku lina ndinaimika basi ino pakhomo pawo. Ndinaliza hutala. Ndinalizanso. Ngakhale galu wawo, amene ankauwa ndi mthunzi womwe, anali zii. Makolo anakatsitsimukira kuchipatala. Ana awiri aja ayi. Ankakhala pampando umene wakhalapo iwewo, Renata.”

Renata anasuntha pang'ono.

“Moto umapita kumene kwatsala tchire,” anapitiriza Mayi Coyle, “ndipo pansi pa Kilmarra tchire lake ndi malasha. Sufunsa kuti nyumba iyi ndi ya yani. Ndiye mundimvetse. Ukaona pamene chipale chakana kugona, usakambirane ndi mtima wako, usadikire kuti wamkulu aone kaye. Nena. Akakukalipira akukalipire, akakumenya akumenye, koma nena. Ine ndatopa ndi kuimika basi pamene palibe wokwera.”

Analiza injini. Kuchokera pamenepo mpaka kusukulu m'basimo munalibe wotsokomola.

3. Kuseri kwa Nyumba

Chipale chinagwa chambiri usiku wa tsiku lomwelo. Loweruka m'mawa Mayi Hudak analawirira kufakitale, ndipo Renata anatenga ndowa ya phulusa kuti akataye kuseri. Atangokhota pangodya ya nyumba, ndowa inamupulumuka.

Bwalo lonse linali mbee. Koma m'mbali mwa khoma, pansi pa kawindo ka chipinda cha pansi, panali malo akuda aakulu ngati mphasa. Kanthunzi kopyapyala kankatuluka pamenepo. M'chipinda cha pansicho ndi mmene Kazik ankaseweretsa tisitima take ta matabwa, ndipo masabata amenewo ankakonda kutsikirako, akuti n'kofunda kuposa pabalaza.

A Hudak anamva kugwa kwa ndowa, anatuluka akutsokomola. Anayang'ana malowo nthawi yaitali.

“Amayi ako aona?”

“Ayi, ababa.”

“Ndipo lero ndi Loweruka.”

Renata anamva chimene ankatanthauza. Loweruka lililonse kunkabwera a Leland Pruitt, munthu wa boma amene ankazungulira nyumba zotsala, kuyang'ana mabwalo ndi kuyeza mpweya m'zipinda.

“Tiwauze, ababa. Mayi Coyle akuti…”

“A Coyle! Mayi woimikira basi mizukwa uja? Ndiye iwe ukamumvere?” Anatsokomola, nakhala pa sitepe ya kukhitchini. Atayambanso kulankhula mawu awo anali ofewa.

“Tamvera, mwana wanga. Nyumba iyi anamanga ndi agogo ako ndi manja awo. Akaweruka kumgodi ankasenza miyala kuchokera kumtsinje, umodziumodzi, nkhope idakali yakuda. Ine ndinabadwira m'chipinda chimene umagonamo iwe. Mtembo wa mchimwene wanga tinaugoneka pabalazapo atautulutsa mumgodi. Unawaona a Yurko atawasamutsa? Anawapatsa kachipinda kam'mwamba, koti ukasuzumira pawindo umangoona malo oimika magalimoto. Sanathe chaka. Munthu wamkulu samuzula n'kukamubzala kwina. Motowu wakhala ukuyenda pansi pathu kuyambira iwe usanabadwe. Umabwera, umakhota, umapita. Koma akangolemba pachitsekopo, basi, ku Kilmarra kulibenso Hudak. Manda a agogo ako adzalambula ndani?”

Anadzuka, anatenga fosholo imene inatsamira khoma, natapa chipale kuti afotsere pakuda paja. Sanapitirize. Chifuwa chinawagwira mpaka anagwada pansi, ndipo chimene analavula pachipalepo chinali chakuda bii.

Tisawanamizire a Hudak, sanamuuze Renata kuti afotsere. Anangogwada pamenepo fosholo ili pambali. Renata ankawakonda kwambiri abambo ake, ndipo kuwaona chigwadire chomwecho kunamupweteka kuposa mawu onse a m'basi aja. Anawerama n'kutola fosholo.

Inali ntchito yopusa, koma anaigwira ndi mtima wonse. Akathira, chipale chinkaphwa n'kusanduka matope. Ankathiranso. Abambo ake anamuuza kuti azikatapa kuseri kwa mpanda kuti pasaoneke pokumbidwa, ndipo pomaliza asalaze ndi tsache. Iwo analowa m'nyumba n'kutsegula mawindo onse, ndi kawindo ka pansi komwe, kuti mphepo itsuke m'zipinda. Kazik anamukhazika pawindo la m'mwamba, anamuuza kuti ndi masewera, akaona galimoto akuwe.

Manja a Renata anali atatuluka matuza pamene mawu anamveka m'mwamba.

“Galimoto! Ndaiona ndine! Ndawina!”

4. A Pruitt

Renata anathira komaliza, anasalaza, naponya tsache kuseri kwa mpanda. A Hudak anatseka mawindo msangamsanga.

A Pruitt anali munthu wamtali, wofatsa, wa maso otopa. Kusitolo anthu sankawapatsa moni ngakhale sanalakwire munthu. Ankayenda ndi kabokosi kokoleka m'khosi kokhala ndi kamuvi koyezera mpweya.

“Mwadzuka bwanji a Hudak? Koma m'nyumba muno mukuzizira! Mbaula yafa?”

“Ife a mumgodi sitimva kuzizira, bwana. Yezani muzipita, ena akukudikirani. Paja atsala angati amene simunawathamangitse?”

A Pruitt anangoyamba ntchito yawo. Anayeza pabalaza, anayeza kukhitchini, anatsikira m'chipinda cha pansi. Kamuvi sikanasunthe, chifukwa mpweya wonse unali wa panja. Kenako anatuluka n'kuzungulira kuseri, Renata akutsatira, abambo ake ataima pa sitepe.

Kuseri kunali koyera kuyambira pakhoma mpaka kumpanda. Koma Renata ankamva madzi akuyenda pansi pa chipale chimene anathira, ndipo ankadabwa kuti mlendoyo sakumva bwanji.

“Iwe ndi amene umataya phulusa, eti?” anafunsa a Pruitt.

“Inde, bambo.”

“Ndimakonda kufunsa ana, chifukwa ana ndi amene amayenda kuseri kwa nyumba. Ine sindidana ndi nyumba ya munthu, mwanawe. Tsiku lija kwa a Dombek ndinalipo, ndipo sindifuna kudzaonanso zoterozo. Sunaonepo pena pakuda? Ngakhale pang'ono chabe ngati mbale?”

Renata anayang'ana abambo ake. Iwo sanagwedeze mutu, sanatsinzine diso, ankangoyang'ana Phiri Lakuda.

“Ayi, bambo,” anatero Renata. “Paliponse m'poyera.”

“Chabwino. Ndikhala kumtunda kwa kanthawi, kumanda kuja pafupi ndi tchalitchi kuli mapaipi ambiri otulutsa mpweya wa pansi oti ndiyeze. Mutsale bwino a Hudak.”

Galimoto itachoka, a Hudak anamusisita Renata kumutu.

“Ndiwe Hudak weniweni iwe.”

Anakoleza mbaula, anatseka paliponse polowa mphepo, nayamba kupala mbatata kuti akazinge zitumbuwa. Ankaimba ndi likhweru lomwe, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Renata anakwera kuchipinda kwake n'kukhala pabedi, manja akuwawa. Nyumba inali itapulumuka, koma iye sanakondwe ngakhale pang'ono. Anachita manyazi, ndipo mantha sanamuchoke.

Za Kazik palibe anaziganizira. Masewera a pawindo atatha, mwanayo anali atazizidwa, ndipo malo ofunda ankawadziwa.

5. Tisitima ta Matabwa

Dzuwa litafika pamutu, a Hudak anaitana kuchokera kukhitchini.

“Renata! Zapsa. Kaitane mlongo wako.”

Renata anadzuka, mutu ukumulemera. Anaitana m'mwambamo, kunali zii. Anasuzumira pabalaza, panalibe munthu. Kenako anaona kuti chitseko cha chipinda cha pansi chinali chotseguka pang'ono.

Anatsika masitepe. Munali mofunda kuposa kukhitchini. Kazik anali atagona cham'mbali pasimenti, pafupi ndi khoma lija, kasitima kali m'manja. Masaya ake anali ofiira ngati wathamanga.

“Kazik, dzuka. Zitumbuwa zapsa.”

Anamugwedeza. Mutu wa mwanayo unangogwera kumbali.

“Kazik! Usandiseweretse iwe!”

Pamenepo Renata anamva miyendo yake ikulemera, ndipo anafuna kukhala pansi pang'ono chabe kuti apume. Apo m'pamene anadziwa. Anamugwira Kazik m'khwapa n'kuyamba kumukoka chafutambuyo, sitepe ndi sitepe, akukuwa kuti “Ababa! Ababa!” Anadutsa naye kukhitchini, anakankha chitseko chakumaso ndi msana, namugoneka panja. Anatapa chipale n'kumutikita nacho kumaso.

Kazik anatsokomola, anasanza, natsegula maso pang'ono.

“Achemwali, mutu,” anatero ndi mawu otsika. “Ndisiyeni ndigone.”

“Sugona! Ukagona ndikumenya, wamva?”

A Hudak anali ataima pakhomo, chipande chili m'manja, nkhope itatuwa. Anagwada pambali pa mwana wawo, namugwira patsaya.

“Watsegula maso. Waona? Watsegula. Kamphepo kamuwomba, akhala bwino. Tisachite phokoso, Renata. Titsegula mawindo, chipinda cha pansicho ndikhoma loko lero lomwe, salowamonso. Palibe amene adziwe.”

“Ababa, akufunika kuchipatala.”

“Ndikukupempha, mwana wanga.”

Mawaya a foni mumsewu wa Walnut anali atachotsedwa kalekale pamodzi ndi nyumba zinazo. Renata anayang'ana kumtunda. Poti panalibenso nyumba yotchinga, tchalitchi chinkaoneka bwinobwino, ndipo pambali pake galimoto ya a Pruitt inali idakalipo.

Anayang'ana matuza a m'manja mwake, kenako anayang'ana abambo ake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

“Ndinafotsera ndine, ababa. Ndikanena ndine. Musamulole agone, muzimulankhulitsa.”

Anauyamba ulendo wa liwiro.

“Renata! Bwera kuno! Renata!”

Kuitana kwachitatu sikunamveke, chifuwa chinali chitawagwira.

6. Pamphambano ya Cherry

Kuyambira apa ndinaona ndi maso anga. Ndinali pakhomo la tchalitchi ndikukutumula chopondera, ndipo a Pruitt anali atalonga kale kabokosi kawo, atatsegula chitseko cha galimoto. Ndinaona mtsikana akukwera mtunda wopanda jekete, atavala masilipasi a m'nyumba. Ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso.

“A Pruitt, taimani!” ndinakuwa. “Uyo si mwana wa a Hudak?”

Renata anafika ali wefuwefu, nagwira chitseko cha galimoto kuti asagwe.

“Ndinakunamizani,” anatero. “Kuseri kwathu n'kwakuda. Ndinafotsera ndine ndi fosholo. Kazik anagona m'chipinda cha pansi, sakudzuka bwino.”

A Pruitt sanamukalipire, sanamufunse n'komwe chifukwa chake. Anangoti, “Lowa.” Inenso ndinalowa, ndi tsache langa lomwe, sindikudziwa kuti ndinkapita nalo kuti.

Sitinafike ku Walnut. Pamphambano ya msewu wa Cherry tinakumana ndi a Hudak akukwera mtunda, Kazik ali m'manja atamukulunga m'jekete yawo. Munthu woti fosholo imodzi inamugwetsa m'mawa! Ankayenda pang'ono n'kuima, pakamwa pali yasa, koma sankasiya kulankhula. Titatsika tinamva zimene ankanena.

“Msewu uwu ndi uti, Kazik?”

“Cherry.”

“Masitepe awo ndi a yani?”

“A… a Yurko.”

“Nanga awo a njerwa zofiira? Usatseke maso, iwe. Ndi a yani?”

“Sindikudziwa, ababa.”

“Ndi a Mayi Tierney awa. Nanga awo?”

Analidi athu. Misozi inangotuluka yokha, ndipo sindinachite nayo manyazi.

A Hudak anamugoneka mwanayo pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya Renata. Anamufunditsa bwino jekete ija. Kenako anaweramuka, osamuyang'ana mwana wawo wamkazi.

“Wachita bwino,” anatero, ndipo mawuwo anatuluka ngati akuwazula dzino.

“Lowani nanunso a Hudak,” anatero a Pruitt. “M'nyumba muja simungabwereremo. Mbaula ikuyaka, mawindo ndi otseka, inunso mwapuma mpweya womwewo.”

“Anawa atengeni, bwana. Mudzere kufakitale mukawauze amayi awo. Ine kwathu ndi uko.”

“Ababa, chonde!” analira Renata. “Lowani. Ndikhululukireni, koma lowani!”

“Mugwire mutu asagone,” anatero a Hudak. Anatseka chitseko cha galimoto, natembenuka.

A Pruitt anayang'ana bambo amene ankatsika mtundayo, anayang'ananso mwana amene maso ake ankatsinzinika. Anatukwana chapansipansi, nalowa m'galimoto.

“Mwanayu sangadikire. Ndibweranso ndi anthu.”

Galimoto ikukhota, Renata anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu.

“Mayi Tierney! Musawasiye okha ababa! Chonde musawasiye!”

Ndinawatsatira. Ndinawalankhula njira yonse, ndinawanyengerera, ndinawakumbutsa za akazi awo, ndipo nditatopa ndinawalalatira monga timachitira anthu amene tinakulira limodzi.

“Emil, uli ndi mutu wouma ngati wa abambo ako! Miyala imeneyo idzakulira maliro? Mwana wako wathamanga mtunda wonsewu ndi masilipasi, iwe ukufuna adzakhale moyo wake wonse akuganiza kuti anapha abambo ake?”

Pamenepo anaima pang'ono, ndipo ndinayesa kuti andimvera. Koma anapitirira. Anakwera masitepe a nyumba yawo, analowa, nanditsekera chitseko pamphuno. Ndinamva loko akulira.

Ndinagogoda. Ndinamenya ndi mtengo wa tsache. Ndinathamangira kuseri kuti ndilowere kukhitchini, koma nakonso anali atakhoma. M'mbali mwa khoma chipale chonse cha Renata chinali chitatha, ndipo pakuda paja panali patafika pa sitepe ya kukhitchini.

Ndinabwerera kumaso n'kutsamiritsa khutu pachitseko. Poyamba munali zii, mpaka mtima wanga unafuna kuima. Kenako ndinamva chinthu cholemera chikukokedwa pansi, ndiyeno kulira kwa hamala. A Hudak ankakhomera chitseko ndi misomali, chakum'kati.